Kupima mtembo kuchipatala: kumathandiza ndani poti munthu wapita kale?

Nachisale wa ku Chilomoni:
Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa anzathu a zachipatala amene muli pagulu pano. Kwa aneba athu kunagwa zovuta sabata yatha, mwana wazaka zisanu anatisiya pachipatala china mumzinda muno atakomoka masiku awiri. Adokotala anapempha kuti apime thupi lisanatuluke ku mochale, akuti sakukhutira kuti anali malungo okha. Amalume ake a mwana anakana ndipo tonse tinali mbali yawo. Koma funso landikhala pamtima. Kupima kumeneku kumathandiza ndani?

Bambo Makwinja (Bangwe):
Pepani ndi zovuta mayi. Amalumewo anachita bwino. Mwana anali m'manja mwawo ali moyo, magazi anamutenga, makina ali nawo. Chimene chinawakanika akupuma akachipeza bwanji atazizira? Akufuna pophunzirira ana asukulu basi.

Yamikani wa pa Ndix:
Komanso timamva kuti akang'amba sabweza zonse. Bokosi limachita kupepuka.

Lonjezo (admin):
Yamikani, ndi nkhani ya maliro iyi, tisamale pakamwa. Funso lako funsa bwinobwino, alipo oyankha.

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Pepani Nachisale. Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zimene anthu timaziphatikiza. Pali kupima kwa apolisi. Munthu akapezeka atafa mokayikitsa, akaphedwa, akamwa tameki, akagundidwa ndi galimoto, imeneyo ndi nkhani ya boma ndipo abale sangakane ngakhale atalira chotani. Amene munali muno mu 2011 mukukumbuka za Robert Chasowa, mnyamata wa pa Poly uja. Apolisi anati wadzipha, koma Dr. Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti mabala a m'mutu anali ochita kumenyedwa, osati a munthu wogwa kuchokera pamwamba. Komiti yofufuza ya boma mu 2012 inatsimikiza kuti anaphedwa. Kwinako ndi kumene akufunsa Nachisale. Munthu wamwalira pabedi m'wodi, palibe mlandu, koma adokotala akufuna kudziwa chimene chamutenga. Kumeneko sakakamiza, amapempha, ndipo mukakana nkhani yathera pomwepo.

Bambo Makwinja (Bangwe):
Ya apolisiyo ndilibe nayo mawu amayi. Ndikukana inayo.

Dokotala Chisomo:
Ndangoweruka kumene, pepani ndachedwa. Bambo Makwinja, funso lanu silachibwana, ndipo ndi limene timafunsidwa nthawi zambiri. Ndikuyankheni ndi nkhani ya pakhomo pompano, ku Gulupu (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth), chifukwa anthu ambiri a mu Blantyre saidziwa pamene madokotala a ana m'mayiko ambiri amaiphunzira m'kalasi.

Mwana akabwera atakomoka, thupi latentha, tamuyeza magazi tapezamo tizilombo ta malungo, ndipo sitikuona chifukwa china chomukomolera, timati ndi malungo a mu ubongo. Ndi momwe bungwe la WHO limanenera. Ngakhale kayezedwe ka kukomoka kwa mwana kamene amagwiritsa ntchito mu Africa muno kamatchedwa Blantyre Coma Score, chifukwa kanakonzedwa kuno. Choncho madokotala a pa Gulupu sanali achilendo pa malungo ayi.

Mu 1996 a Blantyre Malaria Project, imene anayambitsa Prof. Terrie Taylor ndi malemu Prof. Malcolm Molyneux, anayamba kupempha makolo kuti azipima matupi a ana amene amwalira atakomoka. Zotsatira zinatuluka mu 2004. Mwa ana 31 amene madokotala anali atatsimikiza kuti aphedwa ndi malungo a mu ubongo, ana 7 anapezeka kuti anafa ndi matenda ena. Mwana mmodzi mwa anayi alionse, pafupifupi. Pa malungo enieni a mu ubongo, maselo ofiira a magazi amene alowedwa ndi tizilombo amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo mpaka kutitseka. Mwa ana 7 aja zimenezo munalibe.

Zinatheka bwanji? Kuno kwathu ana ambiri amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, akusewera mpira bwinobwino. Mwana wotereyo akakomoka ndi vuto lina, tikamuyeza tipeza malungo ndithu, ndipo tonse tikhutira. Mwana akamwalira timalemba malungo, makolo apita kumudzi akunena malungo, ife tipita kwa wodwala wina tili ndi chikhulupiriro chomwecho. Palibe akanatiuza kuti taphonya kupatula thupi la mwanayo.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Koma adokotala, ana 7 amenewo sanadzuke.

Dokotala Chisomo:
Sanadzuke amayi, zoona. Koma tamvani chimene chinatsatira. Dokotala wa maso, Dr. Susan Lewallen, anali ataona kale cha mu 1993 kuti ana ena a malungo aakulu amakhala ndi zizindikiro mkati mwa diso: malo ena amayera, timitsempha timasintha mtundu, pena timagazi todontha. Kupima matupi kuja ndi kumene kunatsimikiza kuti mwana amene ali ndi zizindikiro zimenezi m'diso ndiye amene alinso ndi tizilombo tokakamira mu ubongo. Diso ndi ubongo zimayendera limodzi. Ndiye lero mwana wokomoka tikhoza kumuthira mankhwala m'maso, n'kuunika mkati ndi kachipangizo kokhala ndi tochi. Tikapanda kuona zizindikirozo timamupatsabe mankhwala a malungo, koma sitigona tulo, timasakasaka china: matenda oumitsa khosi, shuga wotsika, chiphe, chiwindi, kuvulala m'mutu. Mwana wa lero amene wapezedwa ndi vuto lina nthawi ikadalipo, amuthandiza ndi makolo aja amene analola ali m'misozi.

Mphatso (wophunzira ku KUHeS):
Ndiwonjezerepo pang'ono adokotala. Kupima kuja kunasiyanso funso lina, loti kwenikweni mwanayo amafa bwanji. Mu 2008 ku Gulupu kunabwera makina a MRI ojambulira mkati mwa thupi, oyamba m'dziko muno. Anajambula ana 168 a malungo a mu ubongo otsimikizika ndi m'maso muja, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa ulibe kothawira chifukwa chigaza sichifutukuka, ndiye umapanikiza mbali ya kumunsi imene imayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Apa ndi pamene anayamba kuyesa njira zochepetsera kutupako ndi zothandiza mwana kupuma kufikira ubongo utaphwa.

Yamikani wa pa Ndix:
Mayina onse mukutchulawa ndi a azungu. Ndiye kuti anadzaphunzirira pa ana athu, n'kukatchukira kwawo.

Mphatso (wophunzira ku KUHeS):
Ayi achimwene, munali Amalawi. Prof. George Liomba ndi Dr. Steve Kamiza, akatswiri athu opima matupi, anagwira nawo ntchitoyi, ndipo amene anawerenga zithunzi za MRI ndi Dr. Sam Kampondeni. Osaiwala anamwino amene amakhala pansi ndi makolo n'kupempha, ntchito imene ine sindingailakelake.

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Komabe Yamikani wakhudza penapake. Zambiri zimene tikunyadirazi zinachitika chifukwa panali kafukufuku wa ndalama zochokera kunja. Kafukufuku akatha, kupima kumathanso. M'mawodi a akuluakulu anthu amamwalira tsiku ndi tsiku ndipo kupempha kupima thupi ndi kwa apo ndi apo. Akatswiri opima matupi m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo omwewo ndi amene akuyeza zotupa za khansa za anthu amoyo, akuphunzitsa, akuitanidwa kukhoti. M'maboma ambiri kupima kwa apolisi amachita ndi ma clinical officer.

Kondwani ku Joni:
Moni kumudzi. Ine ndimaganiza kuti zimenezi ndi za ife osauka amene tilibe makina. Kuno zipatala zazikulu zili ndi sikani ya mtundu uliwonse. Munthu angamwalire osadziwa chamupha ali ndi zonsezo?

Dokotala Chisomo:
Achimwene a ku Joni, maganizo amenewo ndi amene anapha mwambo wopima matupi m'mayiko olemera. Ku America kale pafupifupi theka la anthu omwalira m'chipatala ankapimidwa. Mu 1971 bungwe loyendera zipatala linachotsa lamulo loti chipatala chizipima chiwerengero chakutichakuti, ndipo lero sapima ngakhale mmodzi mwa khumi. Koma mu 1983 Dr. Lee Goldman ndi anzake ku Boston anatenga malipoti a matupi 100 a mu 1960, 100 a mu 1970 ndi 100 a mu 1980, pachipatala chimodzi chomwecho. Pakati pa zaka zimenezo panabwera makina atsopano ojambulira mkati mwa thupi. Anapeza kuti m'zaka zonse zitatuzo, pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi anali ndi matenda aakulu amene madokotala sanawaone, oti akanawadziwa akanasintha mankhwala ndipo mwina munthuyo akanachira. Chimene chinasintha ndi mtundu wa matenda ophonyedwawo, osati kuchuluka kwake.

Sikani imayankha funso limene dokotala waifunsa. Ngati sindinaganize za magazi oundana amene achoka m'mwendo n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, sindikutumizani kukajambulidwa mapapo mwa njira yoonera zimenezo. Ndikupatsani mankhwala a chibayo, mumwalira, ndilemba chibayo. Dokotala wosapimitsa matupi ali ngati mwana wasukulu amene amalemba mayeso chaka ndi chaka koma mapepala ake osabwezedwa. Amangokula mtima, osati nzeru.

Fatsani wa ku labu:
Chitsanzo china chimene chimandikhudza ine ndi TB. Mu 2015 ofufuza anasonkhanitsa malipoti a kupima matupi a anthu amene anali ndi HIV n'kumwalira m'zipatala za mayiko osauka, ambiri a mu Africa muno. Mwa akuluakulu, pafupifupi anthu 4 mwa 10 anali ndi TB, ndipo pafupifupi theka la amenewo palibe anadziwa kuti ali nayo kufikira atamwalira. Ambiri inali itamwazikira thupi lonse, m'chiwindi, m'kapamba, m'impso. Ife ku labu tikudikira makhololo, pamene wodwalayo alibe mphamvu yotsokomola. Zinthu ngati zimenezi ndi zimene zinakankha anthu kuti ayambe kuyeza TB m'mikodzo, ndipo kafukufuku wamkulu wa njira imeneyi anachitikira pa Zomba Central ndi chipatala china ku South Africa, zotsatira zake mu 2018.

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Amayi oyembekezeranso. Ku Maputo anapima matupi a amayi 139 amene anamwalira ali ndi pakati kapena atangochira, ndipo pa amayi 4 mwa 10 alionse chimene chinalembedwa m'faelo chinasiyana kwambiri ndi chimene chinapezeka m'thupi. Ife azamba mayi akakomoka timathamangira kuganiza za BP, pamene ena anali ndi matenda opatsirana oti ali ndi mankhwala ake.

Che Jafali (Kachere):
Salaam kwa nonse. Ndawerenga zonse ndipo sindikutsutsa nzeru zake. Koma ife Asilamu munthu akamwalira m'mawa timafuna alowe m'manda tsiku lomwelo. Timaphunzitsidwanso kuti thupi la womwalira lili ndi ulemu wofanana ndi la wamoyo, kuthyola fupa lake ndi tchimo ngati kuthyola la munthu wamoyo. Zikakhala za apolisi timagonja poti ndi lamulo. Koma kuti ine ndisayine ndi dzanja langa kuti ang'ambe mayi anga pofuna maphunziro, adokotala, pamenepo ndi povuta.

Fatsani wa ku labu:
Che Jafali, ilipo njira ina imene mwina ingakukhalireni bwino. Amaitcha MITS. Sang'amba. Amagwiritsa ntchito singano zazitali zobowoka mkati, n'kutenga tizidutswa tating'ono kwambiri m'mapapo, m'chiwindi ndi mu ubongo, kuphatikizapo magazi ndi madzi a mumsana. Pathupi pamangotsala timabowo ta singano, ndipo ntchito yake siitenga nthawi ngati kupima kwathunthu. Anaiyesa ku Mozambique poiyerekeza ndi kupima kwathunthu pa matupi omwewo, ndipo pa matenda a tizilombo inachita bwino ndithu. Tsopano ikugwiritsidwa ntchito pofufuza imfa za ana ku Mozambique, Kenya, South Africa, ngakhalenso ku Mali ndi Bangladesh kumene anthu ambiri ndi Asilamu. Kuno ku Blantyre ofufuza anaigwiritsapo ntchito pa ana, komanso pa anthu amene anamwalira ndi Covid.

Koma ndisakunamizeni, ili ndi malire. Singano singaone mtsempha umene waphulika, magazi amene ataikira m'mimba, kapena magazi oundana aja anena adokotala. Chotupa chaching'ono ikhoza kuchilambalala.

Che Jafali (Kachere):
Imeneyo ndikhoza kukaifunsa kwa ashehe. Chachikulu isatichedwetse kusambitsa.

Nachisale wa ku Chilomoni:
Poti mwatchula zochedwa. Amalume aja sanakane chifukwa cha mizimu kapena mwambo ayi. Galimoto yopita ku Thyolo inali italipiridwa kale, adzukulu kumudzi anali atayamba kukumba, pasiwa anthu adzaza ndipo aliyense afunika nsima. Tsiku limodzi lowonjezera ndi thumba la ufa ndi nkhuni zina. Adokotala anangoti “mwina mawa”, ndiye amalume anangopukusa mutu.

Mphatso (wophunzira ku KUHeS):
Zimenezo n'zofanana ndi zimene anapeza ku Lusaka cha m'ma 2000, pamene ankapempha kupima ana omwalira ndi matenda a m'chifuwa. Mabanja atatu mwa anayi anakana. Atafunsidwa chifukwa, ambiri anati ndi kutaya nthawi poti matendawo anayenera kupezedwa mwana ali moyo, monga anenera Bambo Makwinja. Otsatira anati chikalata cha imfa chatuluka kale ndipo galimoto yakonzedwa. Amene anatchula za mizimu ya makolo anali ochepa kwambiri. Ife ophunzira timakonda kunena kuti “anthu akumudzi amakana chifukwa cha chikhalidwe”, pamene nthawi zambiri ndi thiransipoti.

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Ndi kapemphedwe kake mwanangu. Ndaona pempho likuperekedwa pakhonde, mayi akugubuduka pansi, wopemphayo ataimirira atagwira faelo. Ndani angavomere? Munthu wofedwa umamulowetsa m'chipinda, umakhala naye pansi, umayamba wapepesa, umamufotokozera zimene zinachitika usiku wonse. Kenaka ndiye umanena kuti pali chimene sitikuchimvetsa, ndipo umamuuza ola lenileni limene thupi lidzatuluke. Kupima kwenikweniko ndi maola awiri kapena atatu. Chimene chimachedwetsa ndi kusaka wopima.

Yamikani wa pa Ndix:
Funso langa lija simunayankhe. Amabweza zonse kapena ayi? Ndipo nkhope timaiona?

Dokotala Chisomo:
Nkhope saikhudza. Amacheka kuchokera pachifuwa kutsika pamimba, ndipo ngati akufuna kuona ubongo amacheka kumbuyo kwa mutu m'tsitsi, n'kusoka bwinobwino pomaliza. Akavekedwa zovala n'kugonekedwa m'bokosi, mwambo woona nkhope umachitika monga mwa masiku onse. Ziwalo amazitulutsa, kuziyeza pasikelo, kuzicheka kuti aone mkati, kenaka kuzibwezera. Chimene chimatsala ndi tizidutswa tating'ono tokaunika pa maikulosikopu, ndi timadzi tokayeza. Ngati pakufunika kusunga chiwalo chathunthu, ayenera kukuuzani ndipo inu muvomere.

Mantha ako Yamikani sindiwaseka. Ku England, pachipatala cha ana cha Alder Hey mumzinda wa Liverpool, zinaululika mu 1999 kuti ziwalo za ana ambirimbiri zinkasungidwa makolo osadziwa. Mabanja ena anachita maliro kawiri. Dziko lonse linakwiya mpaka anakhazikitsa lamulo latsopano mu 2004, ndipo anthu ambiri kumeneko anasiya kuvomera kupima. Kuno kwathu takhala tikumva za kuphedwa kwa abale athu achialubino ndi kufukulidwa kwa manda, mpaka mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha opezeka ndi ziwalo za anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinachoka ku Mulanje ndi Phalombe mpaka kufika mumzinda muno, anthu n'kuphedwa. Munthu amene wadutsa mu zonsezi ukamuuza kuti tikufuna kutsegula thupi la mwana wako, akayikira ndithu. Ufulu wanu ndi kufunsa musanasayine kuti atenga chiyani, chikasungidwa kuti, ndipo chidzatayidwa bwanji.

Anaphiri a ku Zingwangwa:
Ine ndinali chete koma ndilankhuleko. Ife tinavomera. Achemwali anga anamwalira mwadzidzidzi pachipatala china atangogonekedwa, ndipo ife tomwe tinafuna kudziwa chifukwa kumudzi anali atayamba kuloza chala agogo ena. Anapima, tinakaika maliro. Anati zotsatira zonse zituluka pakapita masabata angapo. Tinayenda mpaka kutopa, lero akuti adokotala ake kulibe, mawa akuti faelo sikuoneka. Mpaka lero pepala sitinalione. Ndiye mukamati zimathandiza, zimathandiza inuyo madokotala. Ife tinangopereka thupi.

Dokotala Chisomo:
Pepani kwambiri Anaphiri. Zimene munakumana nazozo ndi zimene zimaononga ntchito yonseyi kuposa mphekesera za anamapopa, chifukwa inu mukauza anthu khumi ndipo onsewo adzakana, ndipo adzakhala akulondola. Banja limene lavomera liyenera kuuzidwa kawiri. Tsiku lomwelo wopima anene zimene waona ndi maso, thupi lisananyamuke. Kenaka za pa maikulosikopu zikatuluka, ndipo zimenezo zimatengadi masabata, aitanidwe n'kufotokozeredwa m'Chichewa, osati kungopatsidwa pepala la Chingerezi cha madokotala.

Ndipo zilipo zimene banja lenilenilo limapindula. Tikapeza TB, ndiye kuti ana amene ankagona nyumba imodzi ndi malemu akayezedwe msanga. Pali matenda a mtima oyenda m'magazi a pabanja amene amagwetsa mnyamata wamphamvu pabwalo la mpira, ndipo abale ake akhoza kupimidwa asanagwe nawonso. Khanda likafa, mayi amafuna kudziwa ngati mimba yotsatira ili pa chiopsezo chomwecho. Palinso mayi amene amadziimba mlandu zaka ndi zaka kuti ndinachedwa kubwera naye, pamene kupima kukanaonetsa kuti ngakhale akanafika dzulo lake sizikanasintha kanthu.

Bambo Makwinja (Bangwe):
Za agogo olozedwa chalazo musadzinamize. Pepala silithetsa nkhani ya ufiti. Achipatala amayankha kuti chamupha n'chiyani, kumudzi amafunsa kuti wamupha ndani. Mukawauza kuti mtsempha unaphulika m'mutu, akufunsani kuti anthu tonse tili ndi mitsempha, waphulikiranji wa iyeyu?

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Pamenepo mwanena zoona bambo, sichithetsa. Koma ndaonapo chikuthandiza mfumu. Anthu akamati wathiridwa chiphe m'mowa pamaliro a uje, pepala lonena kuti m'thupi munalibe chiphe koma chiwindi chinali chitatha kale limapatsa mfumu poimira. Amene akufuna kukhulupirira za ufiti akhulupirirabe, koma achinyamata onyamula zikwanje aja amachepa.

Yamikani wa pa Ndix:
Chabwino. Nanga akapima n'kupeza kuti olakwa ndi adokotala omwewo, anapereka mankhwala olakwika kapena anasiya kanthu m'mimba pa opaleshoni, adzatiuza? Si anthu amodzi amenewa, amamwera tiyi limodzi?

Dokotala Chisomo:
Wafika pamene ife sitikonda kukambapo. Chifukwa china chimene madokotala sapemphera kupima, kuno ngakhale kunja, ndi mantha omwewo. Si mabanja okha amene amakana, nafenso timazemba. Ukapempha ndiye kuti wavomera kuti mnzako akaone ntchito yako yonse poyera. N'chifukwa chake ine dokotala amene wapempha yekha, ngati uja wa aneba a Nachisale, ndimamupatsa ulemu. Wobisa kanthu amafulumira kusayina kuti thupi lituluke.

Wopima sakhala yemwe ankasamala wodwalayo, ndipo lipoti lake amasayina ndi dzina lake, loti akhoza kukaliikira umboni kukhoti. Sindinganene kuti kukonderana kulibe, ndife anthu. Ngati banja likukayikira chipatala, likhoza kupempha wopima wapadera, ngakhale kuti pamenepo pamalowa ndalama, ndipo madandaulo amapita kwa ombudsman wa pachipatala kapena ku Medical Council of Malawi. Komanso zophonya zambiri zimene kupima kumapeza si za kusasamala. Ana 7 aja anaonedwa ndi akatswiri otsata ndondomeko yonse. Inali ndondomekoyo imene inali ndi bowo.

Kondwani ku Joni:
Funso laling'ono. Ife a kuno maliro amabwera atabayidwa kale mankhwala osungira thupi. Akafika kumudzi angapimidwebe?

Fatsani wa ku labu:
Angapimidwe koma zambiri zimakhala zitaonongeka. Mankhwala amene amabaya aja amapha tizilombo, ndiye sitingatimeretsenso ku labu kuti tidziwe mtundu wake. Amathamangitsanso magazi m'mitsempha ndi kusokoneza kuyeza chiphe. Mafupa othyoka ndi zotupa zimaonekabe. Choncho ngati pabanja pali kukayikira kulikonse, nenani thupi lisanabayidwe. Anthu ambiri amakumbuka za postmortem mkangano utabuka pasiwa, thupi litabayidwa dzulo.

Bambo Makwinja (Bangwe):
Ine ya singano ija mwina ndingalole, atandiuza nthawi yeniyeni komanso atalonjeza pepala. Ya mpeni ayi, pokhapokha apolisi. Koma tandiuzani, amasayina ndani? Chifukwa kwathu kuno bambo wa mwana alibe mawu pa maliro, mwini mbumba ndi malume.

Mphatso (wophunzira ku KUHeS):
Pa fomu amafuna kholo kapena wachibale wapafupi, ndiye mayi kapena bambo a mwana akhoza kusayina.

Mayi Nasibeko (namwino wopuma):
Pa fomu ndi choncho, koma yesa uone. Amene amakhala pambali pa bedi ndi mayi ndi agogo aakazi, ndipo palibe mwa iwo angayerekeze kuvomera yekha. Akasayina, kumudzi akamufunsa kuti unagulitsa mwana kwa ndani. Bambo naye amaopa akuchikazi. Ndiye timaimba foni kwa amalume amene ali ku Phalombe, foni yazima, kapena akuti dikirani ndifunse akulu anga. Pofika madzulo galimoto yaima pakhomo la mochale. Ine ndinkati ndikaona kuti mwana wafika povuta, ndinkafunsiratu mayiyo kuti mwini mbumba ndi ndani ndipo nambala yake ili kuti, osatchula za kupima ayi, kungoti tikhale nayo.

Anaphiri a ku Zingwangwa:
Kwathu anasayina ndi alamu anga, amuna awo a malemu, ndipo amalume sanalankhule nawo mpaka tsiku la kumeta.

Bambo Makwinja (Bangwe):
Mwaonatu. Ndiye adokotala mukamapempha muziitana mbali zonse ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi, alowe limodzi m'chipindamo. Mukapempha mmodzi mwayambitsa mlandu wina pamwamba pa maliro.

Lonjezo (admin):
A Fatsani, anthu atatu andifunsa kumbali ngati MITS ija munthu wamba angaipemphe yekha pachipatala kapena ndi ya kafukufuku basi. Muyankhe pompano kuti onse aone.

Fatsani wa ku labu:
Kumene yachitika kuno yakhala ikuchitika pansi pa kafukufuku, chifukwa singano zake ndi zoyezera zake zimabwera ndi ndalama za kafukufukuyo. Wofuna afunse adokotala a m'wodi ngati ilipo panthawiyo, thupi lisanapite kokabayidwa.